Zalembedwa Pati?

NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANSI PA MAWU

MUULUTSI: Moni nonse a kunsi kwa phiri. Moni a ku Mua ndi a ku Mganja, a pa mphambano pa Golomoti, a ku Mtakataka, ndi inu amene mwakoleka wailesi pa mtengo uku mukuingitsa mbalame m'munda wa mpunga ku Bwanje. Asodzi amene mukusoka maukonde kugombe, mwaswera bwanji? Mafumu athu ndi nduna zanu, tawomba m'manja. Amene muli ndi cholembera pafupi, chitengeni, chifukwa lero pali mayina angapo ofunika kuwasunga.

NYIMBO IZIME

Pali mawu anayi amene amatseka pakamwa munthu wamkulu ndi ndevu zake: “Ndi lamulo la boma.” Venda akafuna kukudulani mtengo wa mpunga, amatero. Achibale a malemu akabwera ndi ngolo kudzazula malata ndi kukusa mbuzi, nawonso amatero. Wina pa ofesi akafuna ya fanta asanakudindireni kalata, akuti ndi lamulo. Ife timavula chipewa, n'kubwerera kwathu tikung'ung'udza m'njira.

Nthawi zina amakhala akunena zoona. Nthawi zina akunama. Chotivuta n'chakuti tilibe posiyanitsira.

Komatu lamulo la dziko lino silikhala m'mutu mwa munthu. Limalembedwa. Lili ndi dzina, lili ndi chaka chimene linakhazikitsidwa, ndipo ndime zake zili ndi manambala. Ndiye munthu akakuuzani kuti ndi lamulo, simunalakwe kumufunsa mwaulemu kuti, “Pepani bwana, zalembedwa pati?” Amene akunena zoona sakwiya nalo funso limeneli, amangokutchulirani. Amene amakwiya, mwina mwamuponda pachilonda.

Kale funsoli linali lopanda ntchito kwenikweni, chifukwa ngakhale akanakuyankhani, mukanakaliona kuti lamulolo? Malamulo ankasindikizidwa ku Government Printer ku Zomba, m'nyuzipepala ya boma yotchedwa Gazeti, n'kusonkhanitsidwa m'mabuku akuluakulu otchedwa Laws of Malawi. Mabukuwo ankakhala m'makhoti ndi m'maofesi a maloya. Munthu wa ku Mtakataka wofuna kuwerenga ndime imodzi yokha anayenera kukwera basi, kudutsa Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukafika ku Zomba, n'kukayamba kufunsa khomo. Ndani akanagulitsa nkhuku zake chifukwa cha ndime imodzi?

Zinthu zinayamba kusintha kutali ndi kuno. Mu 1992, pa yunivesite ya Cornell ku America, anthu awiri, Peter Martin ndi Tom Bruce, anayamba kuika malamulo ndi zigamulo za makhoti pa intaneti kuti aliyense aziwerenga osalipira. Maganizo awo anali osavuta kumva: ngati boma likuti kusadziwa lamulo si chifukwa chothawira mlandu, bomalo lisamagulitse lamulo ngati katundu wa m'sitolo. Anzathu a ku Zambia anatengera nzeruyi msanga, mu 1996, pa yunivesite yawo ku Lusaka. Mu 2002 mabungwe ochita ntchito imeneyi anakumana ku Montreal, ku Canada, n'kugwirizana kuti malamulo ndi chuma cha anthu onse. Kuno kwathu tsamba lotere lilipo, ndipo dzina lake ndi MalawiLII.

Lembani bwino. Dzina la dziko lathu, Malawi, kenako zilembo zitatu: L, I, I. Kenako kadontho, kenako o, r, g. Malawilii.org. Simulembetsa dzina, simulipira kanthu kupatula data yanu. Apa ndichenjeze achinyamata amene mudzatumidwe ndi agogo: bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula tsambali, pamafunika ya intaneti.

Mukalowa mupeza zinthu zitatu. Muli malamulo enieniwo, kuyambira lamulo lalikulu loyendetsera dziko, limene ambiri timati Konsitityushoni. Muli zigamulo za makhoti akuluakulu, monga High Court, Supreme Court of Appeal, ndi khoti la milandu ya apantchito. Mulinso makope a Gazeti. Pamwamba pali kabokosi kolembamo chimene mukufuna. Mukachipeza, chisungeni m'foni nthawi yomweyo pamene netiweki ikugwira, kuti mawa musadzawonongenso data. Ngati ndi nkhani ya mudzi wonse, sonkhani pang'onopang'ono, mukapulintitse masamba ofunikawo pa Golomoti kapena pa Mtakataka, pepalalo lizikhala kwa mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC.

Tsopano pali mbuna ziwiri zimene ngakhale ophunzira amagweramo.

Yoyamba ndi ya tsiku. Malamulo amasintha, ndipo pa intaneti akale ndi atsopano amakhala moyandikana. Ambiri mwa malamulo a pa tsamba lija ali ndi mzere pamwamba wonena kuti umu ndi mmene lamulolo linalili pofika tsiku lakuti, mwachitsanzo 31 Disembala 2014. Mzere umenewo musaudumphe. Taonani nkhani ya malo. Kwa zaka zambiri tinkayendera lamulo la malo la 1965. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atsopano, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, lokhudza malo a mafumu, ndipo mu 2022 anawakonzanso. Munthu wofika pa bwalo la a gulupu atanyamula pepala la 1965, angalankhule Chingerezi chokoma bwanji, akunena za dziko limene kulibenso. N'chimodzimodzi ndi chuma cha masiye. Lamulo la 1967 linafafanizidwa, ndipo kuyambira 2011 tili ndi lina lotchedwa Deceased Estates, Wills, Inheritance and Protection Act. M'lamulo latsopanoli kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi, wokhala ndi chindapusa ndi ndende, ndipo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana. Amalume amene akuyenderabe la 1967, wina awawerengere latsopanoli ngolo ija isananyamuke.

Mbuna yachiwiri ndi kusokoneza bilu ndi lamulo. Bilu ili ngati mbande ya mpunga pa nazale: sinawokeredwe, ndipo palibe amene angaiwerengere matumba. Aphungu ayenera kuikambirana n'kuivomereza. Ikatero imapita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena kuibweza. Akasaina, iyenera kutuluka mu Gazeti, ndipo Konsitityushoni ikunena kuti palibe lamulo loyamba kugwira ntchito lisanatuluke m'menemo. Ngakhale litatuluka, malamulo ena amadikirabe kuti nduna ilengeze tsiku loyambira. Lamulo la malo a mafumu lija, la 2016, linayamba kugwira ntchito mu 2018. Ndiye mukalandira chikalata pa gulupu ya WhatsApp cholembedwa kuti “lamulo latsopano”, yang'anani pamwamba. Ngati palembedwa Bill, likadali pa nazale. Ngati palembedwa Act, funani nambala yake, chaka chake, ndi tsiku limene linayamba.

Pali chitsanzo cha kwathu konkuno chosonyeza kuti kuwerenga pepala limodzi lokha kumasocheretsa. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003 atagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri ku Zomba, anadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lino n'kubwezera anawo kusukulu. Anasainirana pangano ndi mafumu awo, ndipo amene ankaloleza maukwatiwo ankaimitsidwa pa ufumu. Koma pa nthawi imene ankayamba nkhondoyi, malamulo a dziko sanali nawo mbali imodzi kwathunthu. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati, Marriage, Divorce and Family Relations Act, lonena kuti msinkhu wolowera m'banja ndi zaka 18. Anthu anaomba m'manja. Koma Konsitityushoni inali ikulolabe mwana wa zaka 15 mpaka 18 kukwatiwa makolo akavomera. Ndipo ndime 5 ya Konsitityushoni imanena kuti lamulo lililonse lotsutsana nayo lilibe mphamvu pamene pakutsutsanapo. Mpata umenewo unatsekedwa mu Febuluwale 2017, pamene aphungu anasintha Konsitityushoniyo. Kuyambira pamenepo palibenso kholo limene lingabisale kumbuyo kwa pepala. Apa tikuona kuti malamulo ali ndi akulu ndi ang'ono. Pamwamba pali Konsitityushoni, pansi pake malamulo a ku Nyumba ya Malamulo, kenako timalamulo ta nduna ndi ta khonsolo, kenako ta m'mudzi. Wam'ng'ono satsutsa mkulu.

Nanga zigamulo za makhoti, mlimi wa ku Mganja zikumukhudza bwanji? Mverani iyi. Nonse mukuwadziwa mawu oti vakabu. Kuyambira nthawi ya atsamunda, m'buku la milandu ndi zilango, Penal Code, munali ndime 184 imene inkalola kumanga munthu wopezeka pamalo pa nthawi imene wapolisi akuganiza kuti ali ndi cholinga choipa. Mu Malichi 2015, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe. Iye sanangopepesa n'kulipira. Nkhani inafika ku High Court, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti kachigawo kamene anamumangira, 184(1)(c), n'kotsutsana ndi Konsitityushoni. Inu amene mumalawirira usiku ndi dengu la usipa kapena mtolo wa masamba kuthamangira msika, chigamulo chimenechi ndi chanu. Chilipo pa tsamba lija. Ingolembani Gwanda m'kabokosi.

Koma tamverani bwino. Khoti linafafaniza kachigawo kamodzi, osati buku lonse. Wopezeka usiku pa khola la eni ake ndi chingwe m'manja asatchule Gwanda. Powerenga chigamulo, yambani mwaona khoti limene linagamula ndi chaka, chifukwa la Supreme likhoza kugwetsa zimene la High linanena. Ndiye thamangirani kumapeto, kumene oweruza amanena chimene alamula. Pakatipo pamakhala zonena za maloya a mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri amatola mawu a loya woluza n'kumayenda nawo ngati ndiwo chigamulo.

Ndime ina yoti mudzi uliwonse uzikhala nayo pa pepala ndi ndime 42 ya Konsitityushoni. Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete. Ayenera kutengeredwa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, apite tsiku loyamba khoti likatsegula. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Apolisi ambiri a dziko lino amaphunzira ntchito yawo pa Mtakataka pompa, ndipo zimenezi amazidziwa. Palibe chifukwa choti ife oyandikana ndi sukulu yawo tikhale omaliza kuzidziwa.

Mawu amodzi kwa ana asukulu amene mwayamba kufunsa chilichonse kwa makina oyankha mafunso a pa intaneti aja. Makinawo amatha kupeka mlandu umene sunachitikepo, n'kuupatsa dzina ndi chaka, osaphethira. Mu 2023 ku New York maloya analipitsidwa $5,000 ndi khoti chifukwa chopereka milandu yopeka imene ChatGPT inawalembera. Ngati maloya anagwa nawo, inu samalani. Chilichonse chimene makinawo akuuzani, kachifuneni pa tsamba la malamulo. Mukapanda kuchipeza, chisiyeni.

NYIMBO YAIFUPI

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu yathu ya maphunziro, ndipo lero tikufunsa kuti zalembedwa pati. Tsopano tichoke ku malamulo, tipite ku mapepala a m'maofesi.

Si zonse zotisowetsa tulo zili m'buku la malamulo. Mlatho wa pa kamtsinje ka m'mudzi mwanu unayambika n'kuima. Unapatsidwa ndalama zingati, ndipo kontilakitala anali ndani? Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, lilipo kuyambira 2006; chaka chathachi linagwira ntchito zanji kuno? Ndalama zotukulira sukulu za pulayimale zinafika liti? Olandira Mtukula Pakhomo kapena zipangizo zaulimi zotsika mtengo amasankhidwa potsata chiyani? Mayankho a mafunso onsewa alipo. Analembedwa, ali m'mafayilo ku khonsolo, pamwamba pa phiri ku boma.

Zina mwa izi zimapezeka pa intaneti. Nyumba ya Malamulo ili ndi tsamba lake lokhala ndi mabilu ndi Hansard, buku lolembamo mawu onse amene aphungu alankhula m'nyumbamo. Mukhoza kuona ngati phungu wanu anatchulapo za msewu wanu kapena anangokhala duu. Unduna wa zachuma umaikapo mabuku a bajeti. Mkulu wolondoloza ndalama za boma, Auditor General, amatulutsa malipoti onena mmene makhonsolo agwiritsira ntchito ndalama. Unduna wa zaulimi umalengeza chaka chilichonse mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo alimi a mu sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800 ija, musamatsegule thumba musanaione. Nthambi ya zausodzi imalengeza masiku otsekera nyanja ndi zida zoletsedwa. A komiti ya kugombe azikhala ndi chikalatacho m'manja, osati zongomva kwa mnzawo.

Koma tinene chilungamo. Masamba ambiri a boma amagona. Umatsegula n'kupeza nkhani yomaliza ndi ya zaka zapitazo, kapena lipoti limene ukulifunalo silitseguka. Ndipo za mlatho wa m'mudzi mwanu n'zokayikitsa kuti wina anaziika pa intaneti. Apa ndiye pamene pakulowa lamulo limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa mmene timaliyesera.

Ndime 37 ya Konsitityushoni, imene tili nayo kuyambira 1994, imapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ngati akuufuna kuti ateteze kapena kugwiritsa ntchito ufulu wake. Koma kwa zaka zoposa makumi awiri panalibe lamulo lofotokoza kuti ukagogode khomo liti, ndipo akakukaniza ukadandaule kuti. Atolankhani, kudzera m'bungwe lawo la MISA Malawi, pamodzi ndi mabungwe ena, analimbana nazo zaka zoposa khumi. Aphungu anavomereza biluyo mu Disembala 2016. Pulezidenti Peter Mutharika anasaina mu Febuluwale 2017. Ndiye kunali zii. Lamulo losainidwa linakhala m'kabati zaka zitatu ndi theka kudikira kuti nduna itchule tsiku. Linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, nduna ya zofalitsa nkhani ali a Gospel Kazako. Dzina lake, lembani, ndi Access to Information Act.

Ambiri amaganiza kuti ndi lamulo la atolankhani. Ayi ndithu. Mtolankhani ali ndi njira zake zambiri zopezera nkhani. Amene analibiretu njira ndi mayi wa mu komiti ya sukulu, mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'dera ya ADC, tcheyamani wa kalabu ya alimi. Lamuloli ndi lawo.

Limayenda chonchi. Ofesi iliyonse ya boma, khonsolo, ngakhalenso mabungwe ena amene si aboma koma amagwiritsa ntchito ndalama za boma kapena kugwira ntchito m'malo mwa boma, ayenera kukhala ndi munthu wosankhidwa wolandira zopempha zotere. Pa Chingerezi amamutcha information officer, ndipo mukafika pa ofesi muzimufunsa ndi dzina limenelo. Mukhoza kupempha polemba. Ngati simudziwa kulemba, mukhoza kunena pakamwa, iyeyo alembe. Ofesiyo ili ndi masiku 15 ogwira ntchito oti ikuyankheni, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza moyo wa munthu kapena kumasulidwa kwake, ndi maola 48. Kupemphako sikulipiritsidwa, zimene angakulipiritseni ndi monga za fotokope. Akakana, akuuzeni chifukwa chake. Simunakhutire, mumapempha kuti akuluakulu a ofesi yomweyo aunikenso. Zikakanika pamenepo mumapita ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Pamwamba pa onsewa pali khoti. Ndipo wa mu ofesi wobisa dala, kuwononga kapena kusintha chikalata kuti inu musachione, wapalamula mlandu.

Sikuti chilichonse adzakupatsani. Za chitetezo cha dziko, za mlandu umene apolisi akufufuzabe, za matenda kapena zinsinsi za munthu wina, zimenezo lamulo linatchinga. Simungapite ku chipatala kukapempha fayilo ya mnansi wanu. Koma mukhoza kufunsa kuti mankhwala a malungo anafika angati pa chipatala cha boma mwezi wathawu.

Luso lagona pa kafunsidwe. Mukalemba kuti, “Tikufuna kudziwa mmene ndalama zikuyendera,” adzakuyankhani kuti zikuyenda bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Pemphani chikalata chenicheni. Mwachitsanzo: “Tikupempha kope la mndandanda wa ntchito zonse za CDF za m'dera lathu m'chaka cha ndalama chathachi, ndalama za ntchito iliyonse, ndi dzina la kontilakitala.” Lembani tsiku. Lembani makope awiri, limodzi musiye, linalo akudindireni mubwerere nalo. Chidindo chimenecho ndicho chimayambitsa kuwerenga masiku 15 aja, ndipo popanda icho mudzauzidwa kuti kalata yanu sinaoneke. Popeza kukwera Khwekhwerere kupita ku boma ndi ndalama, sonkhanitsani mafunso a VDC yonse, apite munthu mmodzi kapena awiri, ndipo khansala wanu adziwe.

Nkhani ya malo ndiyo ndikufuna ndiikhalire pang'ono, chifukwa dera lathu lino anthu akuliyang'ana. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuli sikimu ndi damu ku Bwanje. Kuli njanji, kuli msewu wa M5, kuli gombe limene a malo ogona alendo amalisirira. Zitukuko zina zidzabwera, ndipo n'zabwino. Koma chitukuko chachikulu chilichonse chimayenda ndi mapepala ake. Lamulo la zachilengedwe la 2017, Environment Management Act, limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pakhale kafukufuku wa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo anthu okhudzidwawo afunsidwe maganizo. Lipoti lake si lachinsinsi. Ngati boma likutenga malo, pali lamulo la chipukutamisozi, ndipo pamakhala pepala losonyeza mmene anawerengera munda wanu, mitengo yanu ya mango, nyumba yanu. Nthawi yopempha mapepala amenewa ndi pamene alendo angoyamba kuyeza ndi zingwe zawo. Mukadinda chala kaye n'kumafunsa pambuyo, mwachedwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndipo amayi, tcherani khutu. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu, okhala ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo linati mwa amenewo atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Linakhazikitsanso mabwalo oweruza mikangano ya malo, kuyambira kwa Inkosi kukafika pa boma. Kuno kumene minda yambiri imayenda kuchikazi, komiti ya amuna okhaokha ikagamula za munda wa amayi anu, funsani kuti zalembedwa pati, ndipo amene akukuwerengeraniyo aone ndi zosintha za 2022 zomwe.

Tsopano wina ku Mua akuti, “Zonsezi n'zabwino achimwene, koma zili m'Chingerezi.” Mwanena zoona, ndipo limeneli ndilo bala lalikulu. Chingerezi chake si cha pa msika ayi, ndi choti ngakhale wa Fomu 4 amatuluka nacho thukuta. Ine ndimati boma silinamalize ntchito yake ngati laika lamulo pa intaneti m'chilankhulo chimene eni dziko ambiri samva. Ndipo asatinamize kuti anthu akumudzi sangatsate zamalamulo. Mukukumbuka mlandu wa chisankho cha 2019? Unkaulutsidwa pa wailesi, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, ndipo miyezi yonse ija anthu ankakhala pansi pa mitengo kutsutsana za umboni ngati maloya. Pofika pa 3 Febuluwale 2020, tsiku la chigamulo, agogo ankadziwa mayina a oweruza onse asanu. Anthu amamva, bola uwalankhule m'chilankhulo chawo.

Podikira kuti zimenezo zichitike, tigwiritse ntchito amene tili nawo. Mudzi uliwonse uli ndi mphunzitsi wopuma, katekisiti, shehe wodziwa kuwerenga, mlangizi wa zaumoyo, kapena mtsikana amene analemba mayeso a MSCE ndipo akungokhala. Awiri aziwerenga limodzi, chifukwa mmodzi yekha akhoza kumasulira mokomera mbale wake. Aziwerenga mokweza pa bwalo, ndime ndi ndime, osadumpha mawu aang'ono aja onena kuti “pokhapokha ngati”, chifukwa nthawi zambiri mlandu umagona pamenepo.

Ndipo kuwerenga ndime sikusandutsa munthu loya. Pepala limakuthandizani kudziwa ngati muli ndi nkhani, ndi kufunsa mafunso oyenera. Ikakhala ya kukhoti, funani thandizo. Kuli Legal Aid Bureau, ofesi ya boma imene inayamba ntchito mu 2015 yoimira anthu osatha kulipira loya. Kalaliki wa pa khoti la majisitireti akuuzani kumene ofesi yawo yapafupi ili. Kuli alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende, mapolisi ndi makhoti. Ku maparishi kuli a Chilungamo ndi Mtendere, a CCJP. Ngati ofesi ya boma yakuchitirani zosayenera, kuli a Ombudsman. Popita kwa onsewa nyamulani mapepala anu: kalata yodindidwa ija, malisiti, ndi tsiku la chilichonse chimene chinachitika.

Chenjezo lomaliza lipite kwa a magulu a WhatsApp. Mukapeza chikalata chosonyeza kuti ndalama sizinayende bwino, musathamangire kujambula munthu n'kumulemba kuti wakuba. Kuli lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene anthu amangidwa nalo chifukwa cha zolemba pa foni, ndipo woipitsiridwa mbiri akhozanso kukusumirani. Tengani chikalatacho mupite nacho ku ADC, kwa khansala, kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, manambalawo akalankhule okha.

NYIMBO IYAMBE PANSIPANSI

Nthawi yatithera. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzatsegula lamulo la chuma cha masiye la 2011 lija n'kuliwerenga m'Chichewa: kalembedwe ka wilo, chifukwa chake pamafunika mboni ziwiri, ndi zimene ofesi ya a DC imachita munthu akamwalira osasiya wilo. Abambo amene mumati kulemba wilo n'kudziitanira imfa, inu ndiye musadzaphonye, ndipo mudzakhale pafupi ndi mayi a kunyumba. Amene muli ndi mafunso, kasiyeni kwa atsogoleri a makalabu omvera wailesi a m'dera lanu, atifikitsira. 

NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO